Thumba la Malaya Limene Linatilanditsa Malo Pamsika

Ikani pansi mafoniwo, ana inu. Iwe Mphatso, ndakumva bwinobwino pamene umauza anzakowa kuti amalonda ochokera ku Malawi ndi ku Mozambiki amangobwera kuno kudzadya, msonkhano wa ndale ukaitanidwa amatseka pakamwa n'kumangoyeza shuga. Makutu angawa ndi okalamba koma miseche amaitolabe. Kapena waiwala kuti mphuno wasenzayo inachokera ku Dedza? Ndi ya agogo ako aamuna, a Mbewe, telala, amene anakhala m'dziko lino kuyambira unyamata mpaka imvi osaponyako voti ngakhale kamodzi. Khalani pansi ndikuuzeni za iwo, koma musayembekezere kuti ndiwatamanda, chifukwa palibe munthu pansi pano amene anandipsetsa mtima ngati ameneyo.

Anafika kuno ku Vubwi pa njinga, makina osokera atawamangirira pakaliyala ndi malegeni. Masiku amenewo malire sanali chinthu choopsa. Kanali kanjira ka pakati pa minda, chimanga cha uku ndi cha Zambia, cha uko ndi cha Malawi, mbuzi n'kumadya konsekonse. Anakhazika makinawo pansi pa mango wa amalume anga, akazi a m'mudzi monse n'kutulutsa nsanza zawo. Ine ndinapitako ndi diresi long'ambika m'khwapa. Analisoka, mawa lake linang'ambika pena, ndinabwereranso. Usaseke iwe Tiyanjane, minga inali yambiri nthawi imeneyo.

Anakwatira chikamwini monga mwa mwambo wathu, kumanga nyumba kwa mkazi ndi kulimira apongozi. Koma khasu linkangowatulutsa matuza, mizere n'kumakhota, moti amayi anga anati, "Asiyeni azitisokera, angatiphere chimanga." Amalume anawalangiza tsiku loyamba kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo sindinaonepo munthu wosunga malangizo ngati ameneyo. Pabwalo pakakhala mlandu ankakhala kumbuyo kwenikweni. Wina akalankhula iwo kuwomba m'manja, wotsutsana naye akayankha iwo kuwombanso. Ine ndinkati ndi ulemu wa pachikamwini, tikadzapita kutauni pakamwa padzatseguka. Ndinkadzinamiza.

Ku Katete tinapita pa lole ya ogula thonje, titakhala pamwamba pa mabelo, Esitere, mayi ako iwe Mphatso, ali kumbuyo kwanga. Kamba wathu anali mbatata zootcha ndi nsawa zokazinga zomangidwa pa duku. Lole ija inkaima pamtsinje uliwonse kuti imwe madzi, amuna n'kumatsika kukankha pachitunda, ndipo tinafika tili ofiira ndi fumbi mpaka m'zikope. Inu lero mukakwera minibasi mumadandaula kuti mpando ndi wouma, mwinanso kuti mulibe potchajira foni. Ndimangokuyang'anani.

Amene anatilandira anali a Yusufu, Myao wa ku Mangochi, Msilamu, mwini sitolo ya njerwa m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Lusaka. Anali munthu wamtima wabwino ndithu, wokonda kuseka ndi tiyi wa shuga wambiri. Atamva kalankhulidwe ka agogo anu anati, "Achimwene, khonde ili likungogona agalu, ikani makinawo apa." Pakhonde pamenepo ndi pamene tinalerera ana athu onse. Inu amene munakulira mu salaula, zovala zakale zochokera kunjazi, simudziwa kuti telala anali munthu wotani. Ukwati sunkachitika popanda iye, sukulu sizinkatsegulidwa popanda iye. Makina anali opalasa ndi phazi, choko ili kukhutu, tepi ili m'khosi, ine ndili pambali kukupiza makala a mu nsimbi kuti ndisite zimene zatha. Nsimbi ija ikalavula kakhala kamoto pa diresi la mwini, tsiku limenelo kunyumba kulibe mtendere.

Tsono mverani apa, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Reji ya agogo anu, chitupa cha boma chija, sinali yobiriwira ngati yangayi, inali ya alendo, choncho kuvota sankaloledwa. A Yusufu chimodzimodzi. Koma ndale si kuvota kokha, ana inu. Pali misonkhano, pali makhadi a chipani, pali makomiti a pamsika, ndipo mlendo aliyense ankalowamo molingana ndi chimene ali nacho choti angataye. Anyamata odzalima ganyu m'minda ya thonje, amene chuma chawo chonse chinali bulangete, ankapita kumsonkhano uliwonse. Ankaimba mokweza kuposa eni dziko, kulandira chitenje ndi chakudya, mawa lake n'kukaimbira enawo. Ndani akadawalanda chiyani? A Yusufu anali ndi makoma, ndipo khoma silithawa. Laisensi ya sitolo inkachokera kwa olamula, choncho olamula akafuna lole yonyamulira ovina, lole ya a Yusufu inkapita. Akafuna shuga wa pamsonkhano, thumba linkatuluka, a Yusufu n'kukhala pampando wakutsogolo atavala kofia yawo yoyera.

Agogo anu anali pakati. Chuma chawo chinali anthu osoketsa, ndipo osoketsa amavala nsalu za mbali zonse. Zipani zitachuluka m'dziko muno, nthawi ya masankho inasanduka nthawi yathu yokolola. Sinditchula maina a zipani, ana a anthuwo akadali moyo ndipo ena mumasewera nawo mpira. Chipani chilichonse chinkagawa zitenje za nkhope ya munthu wawo, ndipo zonsezo zinkathera pakhonde pathu. Luso linali kudula nsalu mwakuti nkhope ya bwana ikhale pamsana kapena pachifuwa, isagwere pokhalira. Telala wina anaphonya zimenezo, amayi a chipani anamuthamangitsa mpaka kudambo. Agogo anu sanaphonyepo. Zovala za olamula ankazipachika kumanja kwa khonde, za otsutsa kumanzere, wina akafunsa kuti a Mbewe inu muli mbali iti, iwo amvekere, "Kwezani mkono ndiyeze."

Chimene chinkandiwawa ine n'chakuti anandimanga nanenso pakamwa. Ine mbadwa, wa reji yobiriwira, ndinkalandira chitenje chaulere chatsopano koma kuvala ayi. "Amake Esitere, mukachivala ndiye kuti ndavala ndine." Zitenje zabwinobwino zinathera kuyala pamphasa ndi kuphimba ufa, ine n'kumayenda ndi chakale chofwifwa. Chaka ndi chaka tinkapita ku Mkaika kumwambo wa Kulamba, Achewa a ku Malawi, a ku Mozambiki ndi ife tonse kukagwadira mfumu imodzi, osafunsana reji. Kumeneko agogo anu ankamasuka, kuseka mokweza, kufunsa za kwawo kwa anthu a ku Dedza. Tikangobwerera ku Katete ankapindanso mchira, ati mlendo ndi mame. Ine ndinkawayankha kuti mame amtundu wanji obereka ana mpaka kudzaza nyumba.

Pali chinthu china chimene muyenera kudziwa cha matelala akale. Munthu akasoketsa, tizidutswa totsala ndi ta telala, palibe amene amatiitanitsa. Agogo anu anali ndi saka pansi pa makina, ndipo kachidutswa ngakhale kochepa ngati chikhatho kankalowa mmenemo. Kutaya nsalu kwa iwo kunali ngati kutaya ufa. Makabudula a amalume anu anali a zidutswa, mwendo uwu maluwa, uwu mizeremizere, kusukulu n'kumawaseka. Makamaka matumba a m'kati mwa malaya ndi mathalauza, amene saoneka, sankawadulira nsalu yatsopano. Dzanja linkangopisa m'saka, maso ali pa singano, chimene chabwera n'chomwecho.

Ndiye kunabwera lamulo lakuti onse a m'makonde achoke, alowe mumsika watsopano umene unali utangomangidwa. Amene ankagawa malo anali anyamata a chipani cholamula, mkulu wawo ali Daka, mwana amene ndinamuona ine akuyenda wopanda kabudula. Panali malo ena apangodya, pafupi ndi geti, owala bwino, pamene aliyense wotsika basi ankadutsa. Malo amenewo ndinawafuna ndi mtima wanga wonse. Esitere anali atangosankhidwa kupita ku sekondale, woyamba m'banja lathu lonse, ndipo ndinkadziwa kuti makina akakhala pangodya paja mwanayo amaliza sukulu. Akapanda kupeza malo, ndiye kuti basi.

A Yusufu anawakhazika pansi ndi tiyi. "Achimwene, mapanga awiri avumbwitsa. Nthawi ino sankhani limodzi. Gulani khadi, valani malaya awo tsiku logawa malo. Daka ndalankhula naye kale, pangodya paja m'panu."

"Nanga osoketsa anga a mbali inayo?" anafunsa agogo anu.

"Aliyense adzakhala atavala tsiku limenelo, ndani adzakuoneni? Mukadzalandira malo, malayawo mudzapukutire makina."

Ine ndinawonjezera moto kunyumba. Ndinawauza kuti akapanda kupita ndinyamula ana kubwerera ku Vubwi, iwo atsale azidya ulusi. Anagula khadi. Anatenga chitenje cha olamula n'kudzisokera malaya okongola, a matumba awiri m'mbali, nkhope ili pamsana mowongoka. Ndinawasita ndekha, mtima uli mbee.

Tsikulo msika unadzaza. Tinaima pamzere padzuwa, amalonda onse atavala nsalu imodzi, ngakhale amene ndinkawadziwa kuti kunyumba kwawo amatukwana boma kuyambira m'mawa. Daka anakhala patebulo, anyamata ake ataima kumbuyo. Titafika kutsogolo anamwetulira.

"A Mbewe, a telala athu. Manje mwaoneka smati. Onetsani chabe khadi, palibe pulobulemu."

Agogo anu anapisa m'thumba. Manja anali thukuta, khadi linakakamira, ndipo pokoka thumba lonse linatembenuka n'kutuluka panja. Ana inu, pa nsalu ya thumbalo panali pakamwa pa munthu. Woimira otsutsa m'dera lathu anali ndi mpata waukulu pakati pa mano akutsogolo, wodziwika Katete yense, ndipo pa zitenje zake anamujambula akuseka. Kachidutswa kamene dzanja linatola m'saka kanali pakamwa pamenepo, mano ndi mpata wake, kakulendewera m'chiuno mwa agogo anu n'kumamusekerera Daka.

Mayi wina wogulitsa tomato anaphulika kuseka, mzere wonse n'kutsatira. Kukadapanda kusekako mwina zikadatha bwino, koma mnyamata wa mphamvu zobwereka sapirira kusekedwa.

"So ndiye mwatero?" anatero Daka ataimirira. "Kunja muli athu, m'thumba mwasunga adani. Ndiye vuto la mafolena limeneli. Mudya za Zambia, mtima uli kwina."

"Ndi chidutswa chabe, bwana," anatero agogo anu, akumutcha bwana mwana woti angamubereke. "Chinachokera m'saka."

"Kasokereni m'saka momwemo. Muno mulibe malo anu."

A Yusufu anayesa kupepesa, koma Daka anawafunsa ngati nawonso akufuna kuti awapise m'matumba, ndipo anabwerera m'mbuyo. Sindiwaimba mlandu, anali ndi makoma awo oti awateteze. Pobwerera kunyumba ndinafunsa agogo anu kuti, nsalu yonse ija inatsala, chinawavuta n'chiyani kudulako thumba. Anandiyang'ana modabwa ngati ndanena zamisala. Ati yotsalayo inali yokwana siketi ya mwana, akadaiwonongeranji pa thumba losaoneka.

Tinasamukira ku Sinda, kumene kunalibe amene ankatidziwa. Makina tinawaika pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Malole akadutsa fumbi linkalowa m'makina mpaka kulira ngati chigayo, mvula ikayamba tinkathawa ndi nsalu za eni kukabisala pakhonde la ena. Anthu ankabweretsa zigamba zokhazokha, ukwati ndani angakasoketse pansi pa mtengo? Esitere anaphunzira chaka chimodzi chokha ku sekondale. Chaka chachiwiri anali nane pamawindo a mabasi kugulitsa zitumbuwa ndi chimanga chootcha, atavala siketi yake ya yunifomu mpaka inatha. Anzake akadutsa pabasi popita kusukulu ankabisala kuseri kwa mtengo. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Mukamamuona mayi wanuyo akukukalipirani za sukulu, muzidziwa kumene ukaliwo unachokera.

Koma dziko limazungulira. Masankho otsatira, wa mpata m'mano uja anapambana. Ndipo nkhani ya thumba inali itakula m'njira, monga zimakulira nkhani za kumowa. Anthu ankati kuli mdala wina wolimba mtima, telala, amene anapita dala pamaso pa anyamata a chipani atabisa nkhope ya mtsogoleri wake, n'kuitulutsa poyera kuti aone. Ena ankati anamenyedwa, ena ankati anagona m'selo. Ine ndinkamva zimenezi pamawindo a mabasi n'kumadzifunsa kuti akunena a Mbewe ake ati.

Tsiku lina masana galimoto inaima pamtengo pathu. Anatsika ndani? Daka yemwe uja, atanenepa, atavala malaya a chipani chatsopano, mpata wa m'mano uli pachifuwa pake penipeni. Manyazi analibe ngakhale a m'diso.

"A Mbewe, a hilo athu, ngwazi yathu," anatero akugwira dzanja la agogo anu ndi manja awiri. "Zija zinali politikisi chabe, musasunge kumtima. Manje abwana amva nkhani yanu. Loweruka kuli msonkhano wothokoza anthu ku Katete. Mubwere ndi malaya aja, mukwere pa lole, muonetse thumba, mukambe kuti munavutikira chipani. Mukatsika, makiyi a pangodya paja ndi anu."

Agogo anu anangoti, "Ndamva." Ine ndinathamanga kukafukula malaya aja pansi pa bokosi, kuwachapa, kuwasita. Masiku otsatirawo munthu uja ankangopalasa makina. Ndinamuuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndinamuuza kuti Esitere akhoza kubwerera kusukulu, sanakule kwambiri. Ndinamuphunzitsa ngakhale mawu oti akanene, ochepa chabe, oti mwana angawaloweze. Ankangogwedeza mutu, ine n'kumayesa kuti tagwirizana.

Loweruka bwalo linali lodzaza, ng'oma, amayi ovina, anyamata aganyu aja ali patsogolo kuimba nyimbo zatsopano. Lole yoimapo akuluakulu inali ya a Yusufu, iwo ali pampando wakutsogolo monga kale, kofia ili mbee. Daka anafotokoza nkhani ya thumba mokometsera mpaka ine ndinatsala pang'ono kuikhulupirira. Anawakweza agogo anu, anatembenuza thumba, anthu n'kukuwa, nthungululu zili pwirikiti. Kenako anawapatsa chimkuzamawu. Kanali koyamba m'moyo wanga kumva mwamuna wanga akulankhula pagulu, ndipo ndinagwira dzanja la Esitere.

"Zikomo akuluakulu nonse," anatero. "Ine ndine telala. Nsalu ikatsala sinditaya. Tsiku lija ndinapisa dzanja m'saka, chimene chinabwera ndi chimene ndinasoka. Bwanawa sindinawaone kuti ali m'thumba. Akadakhala a chipani china chija, akadalowanso momwemo. Amene muli ndi zosoketsa, ndili ku Sinda pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu. Nsalu ya mtundu uliwonse ndimalandira."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Bwana uja, kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, anatseka pakamwa. Daka analanda chimkuzamawu n'kuyambitsa nyimbo, anyamata ake akutsitsa agogo anu ngati thumba la chimanga. Esitere anasiya dzanja langa n'kuyamba kuyenda yekha kulowera kokwerera mabasi. Sanalire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akadalira.

Sindinadikire kufika kunyumba. Ndinawayamba pamsewu pomwepo, anthu akuona. Ndinawauza kuti munthu mmodzi sangataye malo amodzi kawiri ndi thumba limodzi, pokhapokha ngati anamulodza. Ndinawafunsa ngati bodza la mawu ochepa likadawathyola lilime, pamene Daka amanama kuyambira m'mawa mpaka madzulo n'kumanenepa. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma, kenako anayankha motsitsa mawu.

"Amake Esitere, si bodza limene ndaopa. Ndikadanena mawu aja, theka la Katete likadasiya kundisoketsa, ndipo dzina langa likadakhala pakamwa pa aliyense. Awa adzagwa ngati anagwera enawo. Obwerawo adzafunsa kuti anakuwa pa lole uja ndani. Daka akaluza asintha malaya. Inu mukaluza mubwerera ku Vubwi kwa abale anu. Ine adzandikweza galimoto kukanditula pamalire. Ndikafikira kwa yani? Amayi anamwalira, abale anabalalika, pamene panali mudzi wathu anabzalapo mitengo. Ana anga ali kuno."

"Nanga tsiku loyamba lija munavaliranji malaya awo?"

"Kuvala pakati pa anthu ovala sikuoneka. Kukwera pa lole kumaoneka."

"Ndiye mwakwereranji, osangokhala ku Sinda?"

"Mukadandisiya inu?"

Pamenepo m'pamene ndinakwiya zenizeni. Ndinakhala osawalankhula mpaka chimanga chinacha. Chakudya ndinkangowaikira, madzi osamba kuwaikira, koma mawu ayi. Iwo ankangothokoza ngati palibe chachitika, zimene zinkandiwonjezera ukali.

Malo apangodya anapatsidwa kwa mlamu wake wa Daka. Ku Sinda anthu ena anabweradi kudzasoketsa pofuna kuona mdala wa thumba, koma chidwi sichikhalitsa, ndipo salaula inali itayamba kudzaza misika. Pomaliza tinamanga katundu kubwerera kuno ku Vubwi, ine kumunda, iwo pakhonde la nyumba ino kusoka mayunifomu ndi zigamba za a m'mudzi. Esitere anakwatiwa. Sukulu ija inathera pomwepo.

A Yusufu anapitiriza kukhala pampando wakutsogolo, ndipo kwa zaka zingapo zinawayendera. Sitolo inakula, anagula lole yachiwiri, ine n'kumawatchula dala pa chakudya kuti agogo anu amve. Kenako m'chipani chomwecho munabuka mkangano wa amene adzaimire ukansala. Munthu wa malole awiri sangakhale chete pamkangano wotere, mbali zonse zimafuna kudziwa kuti malolewo anyamula anthu a yani. Anasankha mbali imodzi, inayo n'kupambana. Pamenepo anthu amene anadya mpunga wawo pa Idi zaka zonsezo anakumbukira mwadzidzidzi kuti munthuyu anabadwira ku Mangochi. Anapita kukanena kwa akuluakulu, ndipo anadzawatenga masana, sitolo ili chitsegulire, atavala patapata. Anakawatula pamalire. Akazi awo ndi ana, obadwira konkuno, anatsala, ndipo sitolo ija sinachedwe kugwera m'manja mwa wachibale wa wopambanayo. A Yusufu anamwalira kumeneko pasanapite zaka zambiri, pakati pa anthu amene sankawadziwa, ana awo n'kumva uthenga maliro ataikidwa kale.

Uthengawo utafika kuno, agogo anu anali pamakina. Anasiya kupalasa, n'kuchotsa tepi m'khosi, misozi ikutsika. Ine ndinaima pakhomo kudikira kuti anene kuti ndinakuuzani, kuti ndipeze poyambira. Sananene, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Munthu wotere ungakangane naye bwanji?

Musaganize kuti ndinawakhululukira za Esitere. Mwana wanga anali ndi mutu, akadakhala nesi kapena mphunzitsi, ndipo mtengo wa mantha a bambo ake analipira ndi iye. Koma agogo anuwo anafera m'nyumba muno, mutu uli pamwendo panga, ana awo onse atawazungulira, ndipo anaikidwa m'manda a mudzi uno. Ine ndinkafuna malo apangodya, iwo ankafuna kufera pamene pali ana awo. Chawo anachipeza, changa sindinachipeze, ndipo ndikadzawapeza kumeneko tidzayambira pomwe tinalekezera.